Buku lachikondi likhoza kunama, la zaumoyo lisayerekeze

Funso limene ndimalandira kwambiri pa kauntala ya laibulale ndi lalifupi: "Anti, mwawerengako chiyani chokoma masiku ano?" Koma ofunsawo safuna chinthu chimodzi. Pali atsikana a fomu 3 amene amabwera atanyamula buku la sayansi pamwamba, lachikondi pansi. Pali abambo opuma pantchito amene amafuna nkhani ya apolisi ndi zigawenga yoti iwaperekeze mpaka dzuwa litapendeka. Ndiye pali amayi amene amayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako n'kutsitsa mawu: "Mayi, muli nalo lonena za shuga? Andipeza nayo sabata yatha." Oyamba aja ndimangowatambasulira buku n'kuwauza kuti akasangalale nalo. Amayi awa ndimawakokera kaye mpando.

Chifukwa chake n'chakuti buku lililonse limapangana kanthu ndi woliwerenga, ndipo mapanganowo safanana. Lachikondi limalonjeza kuti mitima iwiri ivutika, mwina ilekana, koma simutseka chikuto musanadziwe kumene yathera. La zaupandu limalonjeza mantha amene mungathe kuwasiya pampando n'kupita kukasonkha moto. Mitundu iwiriyi ndi nkhani zopeka. Wolemba ali ndi ufulu woumba anthu amene sanabadwepo ndi maliro amene sanalirikepo, ndipo inu mumalola kunamizidwa mukudziwa. Buku la zaumoyo lilibe ufulu umenewu ngakhale pang'ono, chifukwa zimene lanena zimakathera m'thupi la munthu. Miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga mitundu itatu yonseyi, ena kwa nthawi yoyamba, ena mobwereza, ndipo ndikufuna ndikuuzeni amene andigwira mtima komanso mmene ife ogwira ntchito za mabuku timayezera buku tisanaliike m'manja mwa munthu.

Ndiyambe ndi achikondi, amene anthu ophunzira amakonda kuwanyoza. Ine sindiwanyoza. Ambiri mwa anthu amene lero amawerenga malipoti aatali m'maofesi anazolowera kukhala pansi ndi buku chifukwa cha timabuku ta Mills & Boon, kampani ya ku London imene inayamba mu 1908, kapena ta Pacesetters timene a Macmillan anayamba kutulutsa mu 1977, tolembedwa ndi anthu a mu Africa muno, tonena za Lagos, Nairobi ndi Gaborone. Kwathu kuno a Aubrey Kalitera ankalemba ndi kudzisindikizira okha nkhani zachikondi ndi zachiwembu, ndipo a Willie Zingani anatipatsa nkhani za m'mabanja m'Chichewa chathu chomwechi. Timabuku timeneti tinkayenda m'manja m'manja kusukulu zogonera komweko mpaka chikuto kuthothoka, masamba omaliza kusowa, mnzako n'kumakufotokozera pakamwa mmene zinathera. Mwana amene wamaliza masamba 150 chifukwa chofuna kudziwa ngati awiriwo akwatirana, waphunzira kale chinthu chimene aphunzitsi amalimbana nacho chaka chathunthu: kusasiyira nkhani panjira.

Muyeso wanga pa buku lachikondi ndi umodzi. Kodi chikuwaletsa awiriwa kukhala pamodzi n'chiyani? Ngati ndi kusamvana kumene kukanatha atangoimbirana foni kamodzi, bukulo n'lopepuka, muliwerenga Lamulungu n'kuliiwala Lachitatu. Koma ngati chotchingacho chili cholemera, monga makolo, umphawi, matenda, chinsinsi chakale kapena khalidwe la mmodzi mwa iwo, nkhaniyo imakutsatani mpaka kumphasa.

Limene landitsata ine ndi Stay With Me la Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, lotuluka mu 2017. Yejide ndi Akin anakondana ali ku yunivesite, anakwatirana mwa kufuna kwawo, koma padutsa zaka zinayi opanda mwana. Achibale a mwamuna sakufunsa kuti vuto lili pati. Iwo aweruza kale kuti ndi mkazi, ndipo tsiku lina akutulukira pakhomo ndi mkazi wachiwiri. Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Chipata safunika womasulira pamenepa. Apongozi amenewa timawadziwa, mawu oti "ife tikufuna mdzukulu" tinawamvapo, ndipo maulendo opita kwa ochiritsa ndi kumapiri kokapemphera amene Yejide akuyenda, alipo akazi pakati pathu amene akuwayenda lero lomwe. Chinsinsi chimene chili pakati pa bukuli sindikuuzani. Ndingoti limakukakamizani kudzifunsa chifukwa chimene timathamangira kuloza chala mkazi pamene vuto la kusabereka limachokeranso kwa mwamuna. Limalowanso mu nkhani ya matenda a sickle cell, amene mwana amabadwa nawo ngati bambo ndi mayi onse ali ndi kachizindikiro kake m'magazi. Makolo otere amaoneka athanzi bwinobwino, koma pa mimba iliyonse pamakhala chiopsezo cha 25 peresenti choti mwanayo abadwe ndi matendawa. Ndichenjezeretu kuti bukuli silithera m'nthungululu. Amene akufuna kupumitsa mtima alisungire tsiku lina, ndipo mayi amene wataya mwana posachedwa sindimupatsa.

Lachiwiri ndimalipereka ndi mawu owonjezera. Hlomu the Wife la Dudu Busani-Dube wa ku South Africa ndi buku limene mwini wake, yemwe ndi mtolankhani, anadzisindikizira yekha n'kumagulitsa ali nalo m'galimoto mwake, mpaka linatchuka kotero kuti mu 2021 a Showmax anapanga sewero la The Wife kuchokera pa nkhaniyi. Hlomu ndi mtsikana wa ku Durban amene wafika ku Johannesburg kudzagwira ntchito yautolankhani, ndipo akugwa m'chikondi ndi Mqhele, woyendetsa minibasi wochokera m'banja la anyamata asanu ndi atatu amene chuma chawo chili ndi magazi kumbuyo. Amene anakhalapo ku Joni azindikira maranki ndi phokoso lake. Limawerengeka mwaliwiro, silikupatsani mpata wophika ndiwo. Koma Mqhele amakonda ndi mtima wonse, ndipo amamenyanso. Ndamvapo atsikana akunena kuti akufuna wawo wotero, ndipo zimenezi zimandipweteka. Wolemba ali ndi ufulu wojambula mwamuna wotere wokongola ndi wachikoka, pakuti amuna omenya ambiri amakhaladi achikoka, n'chifukwa chake akazi amachedwa kuwathawa. Ntchito ya wowerenga ndi kuona zonse ziwiri. Mtsikana akabweza bukuli ndimamufunsa kuti, "Akanakhala mchemwali wako, ukanamuuza chiyani?" Pamenepo m'pamene timakambirana kuti nsanje yotseka munthu m'nyumba si chikondi, kuti ku Malawi kuno lamulo loletsa nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, ndiponso kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Ndi buku labwino kuti mayi ndi mwana wake wamkazi wachikulire aliwerenge onse, kenako aliswe pamodzi.

Mabuku a zaupandu amamangidwa mwa njira ziwiri, ndipo kudziwa njirazi kumathandiza kuti musakhumudwe. Yoyamba ndi ija yofunsa kuti wapha ndani. Mtembo wapezeka, okayikiridwa ndi angapo, wofufuza akusonkhanitsa zizindikiro, ndipo inu mukupikisana naye. Katswiri wa njira imeneyi anali Agatha Christie wa ku England, amene analemba mabuku 66 a mtunduwu. Njirayi ili ndi lamulo lake: wolemba akuonetseni zizindikiro zonse zimene wofufuza waona. Akhoza kuzibisa pakati pa zinthu zopanda pake, akhoza kukulozerani kwina, koma asakubisireni kotheratu. Chigawenga chikangotulukira m'mutu womaliza osaonekapo chiyambire, ndiye kuti wolembayo wabera masewera. Njira yachiwiri ndi imene wolakwa mumamudziwa kuyambira pachiyambi, funso n'kukhala loti agwidwa kodi, ndipo amene akusakidwayo apulumuka? Apa chimene chimagwira ntchito ndi nthawi yothithikana. Mabuku a James Hadley Chase, amene mpaka lero mumawapeza atayalidwa pansi pakati pa mabuku a kaunjika m'tauni, ambiri amayenda chomwechi. Poyesa buku la mtunduwu musataye nthawi ndi mawu otamanda a kuchikuto. Werengani masamba atatu oyamba muli chiimire. Mukapeza kuti mwakhala pansi osadziwa, litengeni.

My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite, lotuluka mu 2018, ndi la njira yachiwiriyi, ndipo ndi lalifupi moti mukhoza kulimaliza pa ulendo wa basi wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Korede ndi namwino mu mzinda wa Lagos. Mng'ono wake Ayoola, chiphadzuwa, ali ndi chizolowezi chopha zibwenzi zake, ndipo akapha amaimbira mkulu wake kuti adzakolope magazi. Zinthu zikufika povuta pamene Ayoola wayamba kucheza ndi dokotala amene Korede amamukonda mumtima. Nkhani yeniyeni si mipeni ayi. Ndi mtolo umene mwana woyamba kubadwa amasenzetsedwa, woti mng'ono wako akalakwa mlandu ndi wako, ndiponso funso loti magazi amodzi angakufikitse pati.

Limene linandisowetsa tulo ndi The Screaming of the Innocent la Unity Dow, lotuluka mu 2002. Mayi ameneyu anali mkazi woyamba kukhala woweruza wa bwalo lalikulu la milandu ku Botswana, ndipo zimaonekera m'kalembedwe kake kuti amadziwa mmene fayilo imasowera ndi mmene mboni imatsekedwera pakamwa. Mtsikana wa zaka 12 wasowa m'mudzi. Apolisi akuti wadyedwa ndi zilombo, nkhani n'kutsekedwa. Patapita zaka zisanu, mtsikana wina amene watumizidwa kudzathandiza pachipatala chaching'ono akupeza bokosi la zovala zamagazi m'chipinda chosungiramo katundu. Inu owerenga mukudziwa kale kuti anachita zimenezi ndi amuna olemekezeka a m'deralo, ofuna ziwalo za mwana kuti akhwimire chuma ndi maudindo. Sindikufunika kukukumbutsani zimene abale athu achialubino akumana nazo m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2014. Bukuli ndi lopeka, koma limanena zoona pa chinthu chimodzi chachikulu: chiwembu chotere sichichitwa ndi wamisala wa kumsika, chimafuna anthu a ndalama ndi anthu ovomera kukhala chete. Ana aang'ono musawapatse.

Tsopano tifike pampando uja ndinakokera amayi a shuga.

Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo pa nkhani zopeka n'zoona. Buku lachikondi la mu 1980 likadali lokoma lero. Koma buku la zaumoyo lili ngati mankhwala amene likunenawo: limatha mphamvu, ndipo likatha mphamvu likhoza kuvulaza. Taonani nkhani ya malungo. Mpaka mu 1993, mankhwala oyamba a malungo ku Malawi anali chloroquine. Tizilombo ta malungo titasiya kumva mankhwalawa, Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar anafooka, ndipo mu 2007 boma linasinthira ku LA amene tikumwa lero. Fansidar anatsala kusikelo ya amayi oyembekezera, kumene amaperekedwa ngati chitetezo. Ndiye tangoganizani buku losindikizidwa mu 1988, lolembedwa ndi dokotala weniweni, lachikuto cholimba, lopanda bodza lililonse pa tsiku limene linatuluka. Bambo amene angalitsatire lero kwa mwana wotentha thupi akhoza kumuika m'manda.

Zitsanzo zotere n'zambiri. Mabuku akale amati zilonda za m'mimba zimabwera ndi nkhawa ndi tsabola, ndipo mankhwala ake ndi mkaka ndi kupuma. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Anzawo atakayikira, Marshall anamwa yekha madzi okhala ndi kachilomboka n'kudwala, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Lero zilonda zotere zimachizika ndi mankhwala opha kachilomboka ophatikiza ndi ochepetsa asidi, ndipo tikudziwanso kuti kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin, Brufen ndi Indocid kumaboola m'mimba. Komabe ndimakumana ndi anthu amene akhala zaka akumwa mkaka usiku uliwonse chifukwa anawerenga penapake. Mabuku olerera ana a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankalangiza kugoneka khanda chafufumimba. Kafukufuku atasonyeza kuti kugona kotere kumawonjezera imfa zadzidzidzi za makanda, malangizo anatembenuka kumayambiriro a zaka za m'ma 1990: khanda lizigona chagada.

Pa nkhani ya HIV ndiye zinthu zathamanga kuposa pena paliponse. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Mu 2011 Malawi linayambitsa ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo kwa moyo wake wonse, ndipo mayiko ena anatengera kwa ife. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Buku la mu 2001 likuuzani kuti mayi wa kachilombo asayamwitse. Lero kuchipatala amuuza kuti amwe mankhwala mokhulupirika ndipo ayamwitse mwakathithi miyezi 6 yoyamba, kenako apitirize kuyamwitsa akumupatsa mwana zakudya zina. Buku lakale ndi latsopano onse ali pa shelefu imodzi m'nyumba zambiri.

Choncho chinthu choyamba chimene ndimachita ndikagwira buku la zaumoyo si kuwerenga mutu wake. Ndimatembenuza tsamba la dzina la buku n'kuyang'ana kuseri kwake, pamene pali timalemba ting'onoting'ono ndi kachizindikiro ka ©. Pamenepo pali chaka. Koma samalani, chifukwa pamakhala mawu awiri a Chingerezi amene amasokoneza anthu. "Reprinted" akutanthauza kuti anangosindikizanso zomwe zija osasintha kanthu, ndiye buku lolembedwa "1995, reprinted 2019" ndi la mu 1995 ndithu, ngakhale pepala lake likununkhira utsopano. "Revised edition" kapena "new edition" ndiye kuti analikonzanso. Ife m'malaibulale timaphunzitsidwa kuti buku lonena za mankhwala ndi machiritso likapyola zaka zisanu liyambe kukayikiridwa, ndipo nthawi ndi nthawi timapalira mashelefu a manambala 610 mpaka 619, kumene kumakhala mabuku a zachipatala, kuchotsa amene atha ntchito. Anthu amadandaula akationa tikuchotsa buku looneka bwino pamene mabuku ndi osowa. Ndimawamvetsa. Koma buku lofotokoza mmene mtima umapopera magazi likhoza kukhala zaka makumi awiri, pamene lonena kuti mumwe mapiritsi angati silingatero.

Chachiwiri, bukulo analembera anthu a kuti? Mabuku ambiri a zaumoyo amene amafika kuno ndi mphatso zochokera ku America ndi ku Britain, ndipo ndi abwino kwa eni akewo. Buku la ku America likhoza kunena kuti mwana akatentha thupi mumupatse madzi ambiri, mumuyang'anire kunyumba masiku awiri kapena atatu. Kumeneko kulibe malungo. Kuno mwana wotentha thupi ayenera kukayezedwa malungo tsiku lomwelo, chifukwa malungo a mwana wamng'ono amatha kufika ku ubongo m'maola ochepa. Miyeso nayonso imasiyana. Akalemba kuti kutentha kwafika 100.4, akuwerengera mwa Fahrenheit, ndipo pa choyezera chathu ndi 38. Akalemba kulemera kwa mwana m'mapaundi, kumbukirani kuti kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2, ndipo kusokoneza ziwirizi poyeza mankhwala ndi ngozi. Mankhwala amene ife timati Panado kapena paracetamol iwo amati acetaminophen kapena Tylenol, moti munthu akhoza kumwa onse awiri poganiza kuti ndi osiyana, chiwindi n'kuvulala. Pa zakudya ndiye mumapeza mndandanda wa zinthu zimene ngakhale m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre n'zodula zosagwirika, mayi n'kutaya mtima kuti kudya bwino n'kwa olemera. Chonsecho magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, onse alipo pamsika wa kwanu: mgaiwa, usipa, nandolo, bonongwe, mapapaya, nsinjiro. Buku lakunja liwerengeni kuti mumvetse chifukwa chake, koma mbale muidzaze ndi za kumunda kwanu.

Chachitatu ndiye chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri masiku ano, chifukwa mabuku ambiri a zaumoyo sakudutsanso pa kauntala yanga. Akubwera pa WhatsApp. Bambo wina wachikulire amene amabwera m'mawa uliwonse kudzawerenga nyuzipepala anandionetsa pafoni kabuku kamene anawatumizira anzawo a kumpingo. Kanalibe dzina la wolemba, kanalibe chaka, koma kanali ndi zithunzi zokongola ndi maumboni a anthu ochira. Kankati adyo, mandimu ndi uchi zimachotseratu BP, shuga ndi khansa, ndipo madokotala amabisa zimenezi kuti azigulitsa mapiritsi. Bambowo anali atasiya mankhwala awo a BP kwa milungu itatu. "Mayi, ndikupeza bwino kwabasi, mutu sukuwawa," anatero. Ndinawayankha kuti, "Bambo, ine si dokotala, koma chimene ndikudziwa n'chakuti BP siuza munthu. Pitani akakuyezeni lero, nyuzipepalayi ndikusungirani." Anapita, ndipo anabwerako ndi mapiritsi awo. Kuthamanga kwa magazi kumatha kukhala pamwamba pa 140/90 kwa zaka munthu osamva kalikonse, kenako n'kudzaonekera ngati sitiroko kapena impso zowonongeka. Adyo ndi wabwino m'ndiwo, ndipo kuchepetsa mchere kufika pa supuni yaing'ono imodzi patsiku kumathandizadi. Koma buku likangonena kuti chinthu chimodzi chimachiza matenda onse, likakuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, likadzaza maumboni m'malo mwa kufotokoza mmene thupi limagwirira ntchito, kapena kumapeto kwake kukakhala nambala yoti muimbe kuti mugule botolo, limenelo ndi chikomekome cha nkhuyu. Buku loona limavomera malire ake. Limakhala ndi mawu akuti "zikafika apa, thamangirani kuchipatala."

Ndi muyeso umenewu, buku limene ndimaliika patsogolo ndi Where There Is No Doctor la David Werner, limene m'Chichewa limatchedwa Pamene Palibe Dokotala. Linabadwira m'midzi ya kumapiri a ku Mexico, linalembedwa poyamba m'Chisipanishi, n'kutuluka m'Chingerezi mu 1977, ndipo bungwe la Hesperian lakhala likulikonzanso kambirimbiri. Ubwino wake n'ngwakuti analembera anthu okhala kutali ndi chipatala, amene mavuto awo ndi kutsekula m'mimba, njoka za m'mimba, chifuwa, zilonda zamoto, uchembere ndi kunyentchera kwa ana. Lili ndi zithunzi zojambula pamanja zomveka ngakhale kwa amene sukulu sanapite nayo patali. Limalemekeza mankhwala a makolo amene amathandiza, ndipo limanena mosabisa amene amavulaza. Limakuphunzitsani kuzindikira mwana amene madzi akutha m'thupi, liwombo litalowa, maso atabira, mkodzo utachepa, ndi chochita ngati Thanzi ORS palibe pafupi: kusakaniza madzi owiritsa, shuga ndi mchere pa mlingo umene bukulo limafotokoza, uku mukukonzekera ulendo wa kuchipatala. Kumapeto kuli masamba obiriwira ofotokoza mankhwala, ndipo masamba amenewa ndi amene amakalamba msanga. Ngati lanu ndi lija munalandira ku maphunziro zaka makumi awiri zapitazo, gwiritsani ntchito mitu ya ukhondo ndi ya zizindikiro, koma za mlingo wa mankhwala mufunse kuchipatala kapena mupeze lokonzedwanso.

Lina ndi Saturday Is for Funerals, la mu 2010, limene Unity Dow yemwe uja analemba pamodzi ndi Max Essex, katswiri wa za tizilombo wa ku yunivesite ya Harvard. Mutu uliwonse umayamba ndi nkhani yeniyeni ya banja la ku Botswana pa nthawi imene Edzi inkadzaza manda Loweruka lililonse, kenako katswiriyo n'kufotokoza sayansi imene ili kuseri kwa nkhaniyo: chifukwa chimene mwamuna ndi mkazi angakhalire wina ali ndi kachilombo wina alibe, mmene kachilombo kamapitira kwa mwana, chimene chimachitika munthu akamadumphitsa mankhwala. Ndimalikonda chifukwa limalemekeza wowerenga, silimuopseza ndipo silimunyengerera. Ana athu amene anabadwa ma ARV alipo kale akufunika kudziwa kumene tachokera. Koma lamulo lija likugwiranso pano. Bukuli lapyola zaka khumi, ndipo zimene likunena za nthawi yoyambira mankhwala ndi mitundu yake zinasintha. Liwerengeni kuti mumvetse matendawa ndi anthu ake, osati kuti musankhire mankhwala.

Amayi a shuga aja ndinakhala nawo pafupifupi theka la ola. Tinatsegula limodzi tsamba la chaka, tinasiya mabuku awiri akale, tinatenga limodzi latsopano. Ndinawapatsa pepala ndi pensulo kuti chilichonse chimene sakumvetsa, kapena chimene chikusiyana ndi zimene anauzidwa kuchipatala, achilembe n'kupita nacho pa tsiku lawo la kiliniki pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Ndinawalemberanso nambala ya Chipatala cha pa Foni yoti akhoza kuimba akakhala ndi funso pakati pa mwezi. Atatsala pang'ono kutuluka anabwerera n'kunena kuti pa benchi ya kiliniki amadikira kuyambira 6 koloko mpaka masana, ndiye ngati pali kena kowerenga kosakhudza matenda ndiwapatseko. Ndinawasankhira kabuku ka Pacesetters kamene msana wake tamata kale katatu.